Loweruka la chiperoni ndi ka .22 kanga

Lero kwacha ndi chiperoni chija cha July, phiri la Soche silimaoneka n'komwe, nkhungu yokhayokha ndi kamvula kowaza kosaleka. Anthu ambiri tsiku lotere amangofuna bulangeti ndi tiyi basi, koma ife osunga mfuti mtima sukhala m'malo chifukwa chinyezi chimalowa paliponse mpaka mu sefa momwe. Ndiye nditangodzuka ndinatsegula sefa kuti ndione ka pisitolo kanga. Ndi Ruger Mark II ya .22, yakale ndithu, chitsulo chake ndi chakuda chija chosachedwa kugwira dzimbiri, moti mukaigwira ndi manja athukuta n'kuisiya osapukuta, pakapita masiku mupeza chidindo cha chala chanu chafiira pamenepo. Lero inali bwinobwino. Timapaketi ta silica gel tija timabwera m'mabokosi a nsapato ndimatiponya mmenemo ndipo timathandiza zedi.

Ndinachotsa magazini yolowamo zipolopolo, kukoka kumbuyo bolt, chitsulo chotsekera chipolopolo mkati, kusuzumira mu chemba momwe chipolopolo chimakhala chisanawombedwe. Ndine ndemwe ndinaitsekera ilibe kanthu, palibenso wina ali ndi kiyi, koma ndimasuzumirabe nthawi iliyonse ndikaigwira. Pokonzekera kupita kowombera, mfuti m'kabokosi kake kokiya, zipolopolo m'chikwama china, laisensi m'thumba la jekete.

Za laisensizi anthu amandifunsa kwambiri, ena amaganiza kuti munthu wamba kuno kwathu saloledwa n'komwe kukhala ndi mfuti. Lamulo lilipo, Firearms Act ya 1967, ndipo zonse zimadzera kupolisi. Umayamba wapempha chilolezo usanagule, amakufufuza, ndipo ukapatsidwa laisensiyo umaikonzetsanso chaka ndi chaka. Zimatenga nthawi ndipo ine ndimaona kuti zikuyenera kutero, ichi si chinthu choti munthu azingogula ngati foni.

Cha m'ma 8 ndinawatenga alamu anga pa Ginnery Corner, mlongo wawo wamng'ono wa mayi akunyumba. Akhala akundivutitsa kuyambira kalekale kuti ndidzawatenge akaone mmene timawombera. Atangolowa m'galimoto funso loyamba, "alamu, ndiye ka .22 ko si koseweretsa ana eti? Ndimamva kuti n'kowombera mbalame." Izi zimandipweteka ndikamamva chifukwa maganizo amenewa ndi amene amavulaza anthu. Ndinawauza kuti alamu, chipolopolo chake n'chaching'onodi, m'mimba mwake mamilimita 5.6, kamtovu kake kolemera magalamu 2.6 okha, koma chimatuluka pa liwiro loposa mamita 300 pa sekondi ndipo chikapita m'mwamba chitha kukagwa patali kupitirira kilomita yathunthu. Chimapha. Anangoti "shuwa?" n'kukhala chete mpaka tinadutsa Chichiri.

Kumalo kwathu kowomberako tinapeza anthu ochepa, nyengo yabweza ambiri. Madala amene amayang'anira pamenepo analipo kale ndi chipewa chawo chaubweya, munthu wopuma ntchito yausilikali, salankhula zambiri. Ndinawapatsa moni, "mwadzuka bwanji bambo, ndabwera ndi alamu anga, n'koyamba." Sanawalole kukhudza chilichonse asanawakhazike pansi. Mfuti iliyonse muziitenga kuti ili ndi chipolopolo. Kukamwa kwake kuziloza kuchimulu cha dothi kutsogoloko basi, ngakhale wina akuitaneni kumbuyo mutembenuze mutu wokha. Chala chisalowe pa trigger mpaka mutalozetsa pa chandamale. Mukamva kuti siyani, musiye pomwepo, funso pambuyo. Anawabwerezetsa mawu onsewo pakamwa ngati kusukulu, kenako n'kuwapatsa zotseka m'makutu ndi magalasi. Alamu amafuna kukana zam'makutuzo ati kamfuti kakang'ono, madala anangowayang'ana, iwo n'kuvala.

Timawombera pa mamita 25, dzanja limodzi, mmene amachitira pa mipikisano ya ISSF, bungwe loyendetsa masewera owombera padziko lonse. Pepala la chandamale lili ndi chakuda chozungulira cha masentimita 20 ndipo pakatikati penipeni, popezera mapointi 10, ndi masentimita 5 okha. Mukaima pa laini n'kuyang'ana, chakudacho chimaoneka kadontho. Pa mpikisano weniweni zipolopolo zimakhala 60, theka loyamba modekha, zisanu pa mphindi zisanu, theka linalo mothamanga pomwe umapatsidwa masekondi atatu okha pa chipolopolo chilichonse. Magazini yanga imalowa 10 koma timaika zisanu zisanu potsatira lamulo lomwelo.

Ndinayamba ndine kuti aone. Chomwe ndimakondera masewerawa n'chakuti phokoso lonse la m'mutu limatha, za ntchito, za ngongole, za mafuta agalimoto, zonse zimachoka chifukwa ukangoganiza china pepala likuuza. Umaima chammbali, dzanja lina m'thumba, kukweza mkono, kutulutsa mpweya pang'ono n'kuugwira. Diso silikhala pa chandamale ayi, limakhala pa kasaiti kakutsogolo, kachitsulo kolozetsera kali pamwamba pa kukamwa kwa mfuti, chandamalecho chizioneka mwachimbuuzi. Ine ndimalozetsa kunsi kwa chakudacho, kusiya kampata koyera, chifukwa saiti yakuda pa pepala lakuda sioneka bwino makamaka tsiku la mdima ngati lero. Mkono umagwedezeka ndithu, palibe munthu amene mkono wake umaima zii, ndiye nkhani yonse ndi kufinya trigger pang'onopang'ono molunjika kumbuyo uku mkono ukuyendayenda m'kadera kake kakang'ono, mpaka mfuti ilire yokha iwe usakudziwa kuti ilira liti. Lero zinayenda bwino, zambiri zinagwa m'chakuda, kungoti zala zimachita dzanzi ndi kuzizira.

Alamu atagwira, zipolopolo zawo zonse zimapita pansi chakumanzere. Anayamba kunena kuti saiti ndi yokhota. Madala anabwera, anaima kumbuyo kwawo osalankhula, kenako anati "achimwene, mfutiyi ilibe mlandu, mukuitsomphola. Mukaona kuti saiti yafika pakati mukuthamangira kukoka, ndiye dzanja lonse likufinya nawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Munthu wogwiritsa dzanja lamanja akamakoka mwadzidzidzi zimaterodi, pansi kumanzere. Anawauzanso kuti mkono ukatopa musanawombe, chotsani chala, tsitsani, pumani, yambiraninso, palibe akukuthamangitsani. Ulendo wotsatira ziwiri zinalowa m'chakuda ndipo nkhope ya alamu inawala, ine ndinasangalala kuposa mwini wake.

Chapakati apo panachitika zinthu ziwiri zomwe ndinakondwa kuti alamu azione ndi maso. Choyamba anakoka trigger n'kungomveka kha, osalira. Asanaganize zotembenuka madala anali atagwira kale mkono wawo kuti uziloza kutsogolo. Tinadikira masekondi 30 chifukwa nthawi zina chipolopolo chimachedwa kuyaka, kenako tinachitulutsa. Chinali ndi chidindo cha firing pin, kapini komenya chipolopolo kuti chiyake, bwinobwino m'mphepete. Zipolopolo za .22 mankhwala oyatsira wonga amakhala m'mphepete mozungulira matako a khoko losunga wonga, osati pakati ngati za mfuti zazikulu, ndiye kufakitale akapanda kufalikira ponseponse pini imamenya pouma. Zimachitika kwambiri ndi zotchipa. Madala anawonjezera kuti choopsa kwambiri ndi chomwe chalira mofooka, chifukwa mtovu utha kutsakamira mu mpope, ukawomba china pamwamba pake waononga mfuti mwinanso ndi dzanja lomwe. Ukamva kulira kwachilendo umasiya n'kusuzumira mpope kaye.

Chachiwiri, chakumapeto khoko lina linakanirira pakhomo potulukira, bolt n'kulipana litaimirira. Izi ndimaziyembekezera tikawomba kwa nthawi. Mfuti imeneyi ilibe loko wina aliyense wotsekera bolt powomba, chomwe chimagwira bolt ndi kulemera kwake ndi sipuling'i basi, mphamvu ya chipolopolo chomwecho ndi imene imaikankhira kumbuyo, kutaya khoko, n'kubwerera itatenga china m'magazini. Mphamvuyo ndi yochepa, ndiye litsiro likangochuluka pang'ono zonse zimayamba ulesi. Ndipo .22 ndi yauve mwachibadwa, mtovu wake amaupaka phula, wonga umasiya mwaye, kuzizira kwa lero phulalo limalimba. Chipolopolo cha mtunduwu chinatuluka mu 1887 ndipo mpaka lero ndi chomwe amagwiritsa ntchito pa ma Olympics pa mamita 25, kungoti akatswiriwo amagwira mapisitolo a Pardini a ku Italy ndi zipolopolo zosankhidwa monga za kampani ya Eley.

Tisananyamuke tinatola makoko onse, kenako kumpopi ndi sopo. Apa sindinyengerera munthu. Mtovu umatsalira m'manja osaoneka, ndipo ife timadya nsima ndi manja omwewo, kutema mbamu, kunyambita chala, kunyamula mwana. Mtovu ukalowa m'thupi la mwana umaononga ubongo ndipo subwerera. Alamu amafuna tiime pa chiwaya ku Limbe, ndinawabweza kumpopi kachiwiri kuti atsuke ndi m'zikhadabo momwe.

Kunyumba titadya, ana atapita kukasewera kwa aneba, ndinayala nyuzipepala zakale patebulo la mu galaja. Sindipukutira mfuti kukhitchini kapena pabalaza. Zipolopolo zotsala ndinayamba ndazitsekera mu sefa, patebulo sipakhala chipolopolo ngakhale chimodzi nthawi yopukuta. Magetsi anali atazima ndiye ndinatsegula chitseko chonse n'kuvala tochi yapamutu.

Kumasula Mark II sikuvuta, umakoka kachotsekera kumbuyo kwa chogwirira, mainspring housing yosunga sipuling'i yaikulu imatuluka, bolt n'kusolola. Mwaye wambiri umakhala pankhope pa bolt, pansi pa kambedza ka extractor kokoka khoko kulitulutsa mu chemba, ndi pakhomo pa chemba pomwe chipolopolo chimakwerera. Ndinatenga mswachi wakale ndi kamtengo kosongola, osati chitsulo, n'kumakanda pang'onopang'ono, pansi pa extractor panatuluka chikhakha chakuda cholimba chomwe ndikukhulupirira kuti ndicho chinapanitsa khoko lija. Mu chemba ndinazunguliza burashi yamkuwa yonyowetsa mankhwala mpaka kamzere ka mwaye kaja katachoka. Mpope ndimaupukuta kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, chifukwa milomo yakutsogoloyo ikangokandika pang'ono chipolopolo chimatuluka mopendekeka ndipo mfuti yasiya kulunjika basi. Sindiukwecha kwambiri, tinsalu tingapo mpaka titayamba kutuluka toyera.

Mafuta ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa, amathira ngati akuthirira. Mafuta ambiri akakumana ndi mwaye amasanduka phala ndipo mfuti imakanirira msanga kuposa youma. Ine kadontho m'mbali mwa bolt, kena pa ndodo ya sipuling'i, kenako kansalu kamafuta pang'ono kupukuta kunja konse chifukwa cha chinyezi chino. Mu chemba ndi m'magazini ndimasiya mouma. Magaziniwo ndinawapukutanso milomo chifukwa phula limaunjikana pamenepo.

Ndisanabwezere bolt ndimaonetsetsa kuti kapini kopingasa kaja koletsa firing pin kupitirira kali m'malo. Kamatha kugwa osaona, ndipo ukakoka trigger mfuti ilibe chipolopolo kapiniko kulibe, firing pin imakamenya m'mphepete mwa chemba n'kupaphwanya, kukonza kwake kuno kwathu ndi nkhani yaitali.

Kubwezera ndiye kumene Mark II inatchukira ndi kuvuta. Muli kachitsulo kakang'ono kolendewera ku hamala yomenya firing pin, ka hammer strut, komwe kamayenera kugwera ndendende m'kachibowo ka pamwamba pa mainspring. Umaweramutsa mfuti kukamwa kuloze m'mwamba kuti kachitsuloko kalendewere kumbuyo, n'kumatseka pang'onopang'ono uku ukumvetsera ndi chala. Kakalowa bwino umamva sipuling'i ikukankha pang'ono pomaliza kutseka, ukapanda kumva kukankhako ndiye kuti kaphonya ndipo bolt sibwerera mpaka kumapeto. Ndi tochi yapamutu ndimakaona bwinobwino kakugwedera mkatimo. Kampani ya Ruger inayamba ndi mfuti ya mtundu womwewu mu 1949, Mark II inabwera mu 1982, ndipo vuto la kumasulali anadzalithetsa pa Mark IV mu 2016 pomwe umangodina batani limodzi mfuti n'kutseguka. Ndinaigwirapo ya mnzanga, ndi yabwino, koma yangayi trigger yake ndinaizolowera ndipo sindikuona chifukwa choisinthira.

Chomwe chandidetsa nkhawa ndi extractor yomweyo. Nditaiyang'anitsitsa pa kuwala, nsonga ya kambedza kake yayamba kubuntha, si yakuthwa ngati kale, ndiye mwina kukanirira kwa lero si litsiro lokha. Zipangizo za mfuti sungangoitanitsa pa intaneti ngati chaja ya foni, zimayenera kudzera kwa ogulitsa ovomerezeka, ndipo ndi kusowa kwa forex kuno ngakhale kabokosi ka zipolopolo 50 kakumavuta kupeza. Lolemba ndiimbira ogulitsa aja ndimve ngati angapeze extractor ndi kasipuling'i kake pamodzi, ndiwafunsenso za zipolopolo za standard velocity, za liwiro locheperako, chifukwa zothamanga kwambiri zija pa pepala sizigwa pamodzi bwino.