Atandibera njinga ndinapitabe kupolisi ngakhale anthu ankandiletsa

Usiku wa Lachiwiri akuba anathyola loko wa chitseko n'kutenga njinga yanga ndi foni yomwe inali pa tebulo. Kutacha maneba anabwera kudzazonda koma aliyense mawu ake amodzimodzi, akuti musavutike bambo, apolisi kuno safika mungotaya nthawi. Ena mpaka anati tikamugwira tithana naye tokha, zimenezi zinandiopsa chifukwa anthu osalakwa amafera momwemo.

Ndinayamba ndauza a komiti ya chitetezo cha m'mudzi, iwo anati loko wothyokayo musamugwiregwire, tijambule kaye zithunzi. Kenako ulendo wa kupolisi, maola awiri wapansi poti njinga ndi yomwe yapitayo.

Pa kauntala anandifunsa dzina, komwe ndimakhala, nthawi yomwe zachitika, n'kulemba m'buku lalikulu lija amati OB. Apa mvetsetsani, funsani nambala ya nkhani yanu komanso dzina la wofufuza mulembe penapake, kupanda apo mukadzabweranso mudzayambiranso kufotokozera munthu wina zonse. Ndiye sitetimenti. Ndinapempha andiwerengere ndisanasaine ndipo tinapeza alemba kuti njinga ndi yakuda pomwe ndi yobiriwira, anakonza osanyinyirika.

Anafunsanso nambala ya felemu ya njinga ndi IMEI, yomwe ndi nambala yapadera yozindikiritsa foni. Ya felemu ndinalibe, sindinkadziwa n'komwe kuti nthawi zambiri imadindidwa kunsi pakati pa mapedulo. IMEI inali pa katoni ya foniyo, manambala 15, mutha kuionanso poimba *#06# foni ikadali m'manja, lembani lero lomwe.

Zondiwawa zinabwera pambuyo, masabata atatu kuli zii. Apolisi akuti galimoto palibe, mafuta palibe, wofufuza watumidwa kwina. Pamenepo ndinamvetsa chifukwa chake anthu akumudzi anataya chikhulupiriro, sikuti amadana ndi apolisi ayi, koma munthu ukayenda mtunda wonsewo kukadandaula osamvanso kanthu umangoona ngati pepala lako analiponya kudzala. Ine Lolemba lililonse ndinkabwereka foni ya mayi akunyumba n'kumuimbira wofufuzayo, kutchula nambala ija.

Sabata yachinayi iyeyo ndi amene anaimba, akuti bwerani mudzaone njinga zomwe tagwira. Yanga inali pakona atachotsa kaliyala, ndinaizindikira ndi pomwe ndinawotcheretsa pansi pa chishalo. Sanandipatse tsiku lomwelo, anati ikhala kaye ngati umboni mpaka mlandu ulowe kukhothi, ndinasainanso pepala lina. Foni ndiye mpaka pano sinapezeke, Lolemba likubwerali ndiimbanso.