Lachinayi, ku manda a ku Westwood

Lero ndadzuka 5 koloko chifukwa Agogo sanagone bwino. Mwendo wakumanzere unawavuta usiku wonse, ndiye ndinawasisita ndi mafuta, kuwamwetsa mankhwala a BP, kenako kuwaphikira phala lopanda shuga monga amakondera. Kwa inu amene mwangoyamba kumene kuwerenga zolemba zangazi, ndimasamalira bambo wina wachikulire, mzungu wazaka 88, kuno ku Los Angeles. Ine ndimangowatcha Agogo, ndipo dzinali analizolowera moti ndikawaitana ndi lawo lenileni amaganiza kuti ndakwiya.

Lero ndi tsiku limene mayi a kunyumba kwawo anamwalira, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Mwana wawo wamkazi anatanganidwa kuntchito, choncho ndine ndinawatengera kumanda.

Manda a ku Westwood mukhoza kuwadutsa osadziwa. Abisala kuseri kwa nyumba zitalizitali za maofesi pafupi ndi Wilshire Boulevard, kamalo kakang'ono ka udzu wometa bwino ndi mitengo yochepa. Kwathu ku Zomba manda ndi nkhalango, sulowamo popanda amfumu kudziwa. Kuno umangoimika galimoto n'kulowa, ena ali ndi makamera m'manja.

Tinaika maluwa oyera. Agogo anakhala pachikuku chawo mwina theka la ola osayankhula, dzanja lili pachibwano. Ine ndinaima chapatali kuti ndiwapatse mpata. Atamaliza anandikodola n'kunena kuti, "Tiye, mwanawe, ndikakuonetse anansi a mkazi wanga."

Tinafika pakhoma la mwala wosalala momwe maliro amawalowetsa ngati m'madirowa, wina pamwamba pa mnzake. Mwala umodzi unali wothimbirira, wodzaza zidindo za milomo ya lipisitiki. Pamenepo ndi pa Marilyn Monroe, katswiri wa mafilimu, 1926 mpaka 1962. Atsikana awiri ankajambulitsapo. Pambali pomwepo, khoma kugundana, pali dzina la Hugh Hefner, 1926 mpaka 2017.

Dzina la mkuluyu sindinkalidziwa ndili kwathu, koma kalulu wake ndinkamudziwa. Kamutu ka kalulu ka makutu aatali, komanga katayi pakhosi, kankapezeka pa masikipa a pakaunjika mumsika wa Limbe. Ndinali nayo sikipa yotero ndili Fomu 2, yapinki, ndipo ndinkapita nayo ngakhale ku kwaya. Panalibe ndi mmodzi yemwe pakati pathu amene ankadziwa kuti ndi chizindikiro cha Playboy, magazini ya zithunzi za akazi amaliseche.

Ndinafunsa Agogo ngati awiriwa anali pabanja. Anapukusa mutu. Sanakumanepo n'komwe ali moyo. Hefner anagula malowo mu 1992 ndi madola 75,000, cholinga chake chongoti adzagone pambali pa mayiyo.

Tinakhala pabenchi, ndipo Agogo, amene masiku ano amaiwala ngati adya kapena ayi, anandifotokozera mbiri yonse mosadodoma. Hefner anabadwira ku Chicago m'banja lopemphera kwambiri la mpingo wa Methodist. Anagwirako ntchito ku magazini ya Esquire, n'kuchoka atamukaniza kumuonjezera madola 5 pamalipiro. Anasonkhanitsa madola 8,000 kwa anthu osiyanasiyana, 1,000 mwa izo zochokera kwa mayi ake omubereka, n'kutulutsa Playboy yoyamba mu December 1953. Sanalembepo mwezi pachikuto poopa kuti yachiwiri mwina sidzatuluka. Inagulidwa makope opitirira 50,000, ndipo chimene chinagulitsa ndi chithunzi cha Marilyn ali mbulanda. Pofika 1972 magaziniyi inkagulidwa makope oposa 7 miliyoni pamwezi umodzi. Mwini wake anali ndi ndege yakeyake yakuda, chinyumba cha ku Holmby Hills chomwe sichili kutali ndi mandawa, ndipo ankaswera atavala zogonera za silika, kaliwo kukamwa, atsikana atamuzungulira.

Agogo amamulemekeza munthuyu, ndipo sanabise. Anati, "Iwe sudziwa momwe dziko lino linalili ine ndili mnyamata." Ku Connecticut ngakhale anthu okwatirana lamulo linkawaletsa kugwiritsa ntchito njira zolera mpaka 1965. M'madera ena mzungu kukwatirana ndi munthu wakuda unali mlandu mpaka 1967. Nkhani za kuchipinda zinali zamanyazi, zonong'onezana, ndipo mtsikana akatenga pathupi asanakwatiwe ankamubisa kutali. Hefner ankalemba mwezi ndi mwezi kuti zimene akuluakulu awiri agwirizana kuchipinda boma zisalikhudze. Mu 1963 anamangidwa pa mlandu wofalitsa zolaula, koma oweruza analephera kumvana chimodzi ndipo sanamupeze wolakwa. Anaika ndalama zake pa milandu yomenyera ufulu wa kulera ndi wa kuyankhula.

Chimene chinandikhudza ine ndi cha anthu akuda. Makalabu ake a ku Miami ndi New Orleans, amene ankayendetsedwa ndi anthu ena, atayamba kukaniza akuda kulowa, iye anawagulanso kuti akhale m'manja mwake. Dick Gregory, wanthabwala wakuda, anatchukira pa kalabu yake ya ku Chicago mu 1961. Magazini yomweyo inasindikiza macheza aatali ndi Malcolm X mu 1963 komanso Martin Luther King Jr. mu 1965. Izi sindingazichotse, zinachitikadi, ndipo pa nthawi imeneyo zinkafuna kulimba mtima.

Koma maso anga ankangobwerera pa miyala iwiri ija.

Chithunzi chija Marilyn anajambulitsa mu 1949 ali pa usiwa, asanatchuke, ndipo analandira madola 50. Hefner anachigula kwa kampani yosindikiza makalendala ndi madola 500. Mwini thupi sanafunsidwe. Chuma chonse chija chinamera pa chithunzi chimenecho. Patapita zaka pafupifupi 40, mwini wake atagona m'manda zaka 30, bambo yemweyo anabweranso ndi ndalama kudzagula malo pambali pake, ndipo apanso panalibe womufunsa. Ndinawauza Agogo kuti ichi chokha chikundiwawa mumtima. Anakhala chete, kenako anati, "Sindinaganizepo choncho."

Pobwerera kugalimoto tinadutsa pa manda ena apansi, a Dorothy Stratten, mtsikana wa ku Vancouver amene Playboy inamusankha kukhala mtsikana wa chaka mu 1980. Chaka chomwecho mwamuna wake, amene anali atasiyana naye, anamuwombera. Anali ndi zaka 20. Hefner si amene anamupha, ndisamunamizire. Koma mwamuna uja ndi amene anamujambulitsa zithunzi zoyamba n'kuzitumiza ku Playboy, akumuona mkazi wake ngati munda woti akololepo. Ndinaima pamenepo kanthawi. Mng'ono wanga wotsiriza ali ndi zaka 20.

Titafika kunyumba ndinawapatsa Agogo supu ndi buledi, n'kugona tulo tamasana. Ine ndinachapa, kenako ndinakhala pakhonde ndi foni kuwerenga zimene akazi ogwira ntchito kapena okhala kwa Hefner ananena okha. Mtolankhani Gloria Steinem analowa ntchito mwachinsinsi pa kalabu ya Playboy ya ku New York mu 1963 n'kulemba za zovala zothina zopweteka, nsapato zazitali tsiku lonse ndi malipiro ochepa kusiyana ndi amene ankalonjezedwa. Holly Madison, amene anakhala m'chinyumba chija zaka zingapo, anafotokoza kuti atsikana ankayenera kukhala atalowa m'nyumba pofika 9 koloko usiku, ndipo ankalandira madola 1,000 pa sabata kuchokera m'manja mwa bamboyo. Iye ankaloledwa kukhala ndi zibwenzi zambirimbiri nthawi imodzi, iwo ayi. Ukwati wake wachitatu anamanga mu 2012 ali ndi zaka 86, mkwatibwi ali ndi 26.

Ntchito yangayi yandiphunzitsa momwe zimakhalira kugona m'nyumba ya munthu amene amakulipira. Ngakhale bwana akhale wabwino ngati Agogo, umadziwa kuti denga ndi lake, geti ndi lake, ndipo mawu oti "ayi" umayamba wawayeza kaye usanawatulutse. Ndiye akandiuza kuti atsikana aja anali omasuka poti palibe anawamanga chingwe, ine sindikhutira. Ufulu umene bamboyu ankalalikira unathandiza anthu ambiri kunja kwa mpanda wake, koma mkati mwa mpandamo woumva kukoma anali iye.

Ndinakumbukanso amayi anga. Pa utsikana wawo lamulo la 1973 linkaletsa akazi ku Malawi kuvala thalauza kapena siketi yosafika m'mawondo, mpaka linachotsedwa mu 1993. Zaka zomwezo kuno wina ankalemera ndi kuvula atsikana. Amayi amanena kuti chimene chinkawapweteka sichinali chitenje, chitenje amachikonda mpaka lero, koma kuti amuna anakhala pansi n'kuwasankhira.

Usiku, Agogo atagona, ndinaimbira achemwali ku Zomba. Kumeneko kunali kutangocha, ndinkamva tambala ndi phokoso la ndowa pampopi. Ndinawafotokozera za manda aja. Anadabwa kwambiri.

"Ndiye kuti munthu wosakhala mwamuna wake, wosakhala mbale wake, wangogula malo n'kugona pambali pake? Nanga amalume ake a mtsikanayo anali kuti?"

Ndinawauza kuti Marilyn anakulira m'manja mwa anthu osiyanasiyana, mwina kunyumba ya ana amasiye, chifukwa mayi ake ankadwala matenda a maganizo. Achemwali anangoti, "Mayo ine, mwana wa eni," n'kukhala chete. Kenako anandifunsa ngati ndatumiza ndalama ya fetereza. Ndawalonjeza Loweruka.

Mawa tili ndi dokotala wa mwendo 10 koloko. Agogo apempha kuti pobwerako tidzadutsenso kumanda, akuti maluwa aja tinaiwala kuwathirira madzi.