Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Ndinkawerenga kuposa aliyense, koma ndinalakwa mayeso

Ndakhala chete kwakanthawi, ndipo ambiri mwandikumbutsa kuti gawo lapita lija ndinakusiyani m'malere, nditangolemba pepala lomaliza la Fomu 4. Zikomo nonse amene munandipepesa pa nkhani ya maliro a bambo anga. Mayi amene munalemba kuti munawerenga mukulira chifukwa nanunso munaleredwa ndi azakhali, ndakumvani, Mulungu akutonthozeni. Koma pali abambo ena amene analemba kuti mwana akalakwa mayeso ndiye kuti ankasewera, palibenso chifukwa china. Bambo, gawo lino ndalemba ndikuganizira inuyo. Muliwerenge lonse.

Ine sindinasewere. Amene munawerenga gawo lachisanu mukukumbuka mmene ndinkakhalira kwa azakhali. Ntchito zapakhomo zikatha, ena onse atagona, m'pamene ndinkatsegula makope. Tulo tikandigwira ndinkaviika mapazi m'beseni la madzi ozizira. Manotsi a Biology ndinawakopera m'kope latsopano, kenako m'kope linanso, ndikudula mizere kunsi kwa mitu yake ndi cholembera chofiira. Buku la Geography ndinaliwerenga mpaka chikuto chinathothoka. Tsamba lililonse ndikalitsegula ndinkalizindikira, chithunzi kumanja, tebulo m'munsi, ndipo mtima unkandiuza kuti izi ndazigwira. Mnzanga amene tinkakhala desiki imodzi ankati ndidzapenga ndi mabuku. Aphunzitsi akafuna kudzudzula aulesi, ankatchula dzina langa ngati chitsanzo cha khama.

Zotsatira zitatuluka ndinapita kusukulu ndekha. Mapepala a mayina anali atamatidwa pakhoma, anthu atapanikizana, ena akudumpha, ena akukumbatirana. Ndinadikira kuti achepe. Kenako ndinaika chala pa dzina loyamba n'kutsika pang'onopang'ono mpaka pansi. Ndinayambiranso pansi kukwera m'mwamba. Ndinaganiza kuti mwina pali tsamba lina lomwe lagwa, ndinayang'ana ngakhale pansi pa khomalo. Mnzanga uja, amene ankagona nthawi yabwino ndipo sindinamuonepo akukopera manotsi kawiri, dzina lake linalipo. Anabwera kudzandigwira paphewa, koma atandiyang'ana kumaso anachotsa dzanja lake mwakachetechete. Aphunzitsi anga a masamu anandiona ndili chilili, n'kulowa mu ofesi. Sindikuwaimba mlandu, mwina analibe mawu. Kapepala kanga ka zotsatira nditakalandira, kanasonyeza kuti ndinakhoza maphunziro awiri okha.

Njira yobwerera kunyumba sindiikumbuka. Ndimangokumbuka kuti ndinapeza azakhali akuchapa.

"Zakhala bwanji?" anandifunsa osadzutsa mutu.

"Sizinayende, azakhali."

Sanakalipe. Akanakalipa mwina zikanapola msanga. Anafinya chovala chimene chinali m'manja mwawo, n'kuchiika pambali, kenako anati: "Ndiye mafuta a nyali onse aja anangopita pachabe. Mutu wakowo si wa sukulu, mwana wanga. Tiona zina."

Mawu amenewo anandilowa chifukwa nanenso ndinalibe yankho lina. Waulesi akalakwa amakhala ndi podzitonthozera, amati ndikanalimbikira ndikanakhoza. Ine khama ndinali nditalithera lonse. Panalibe usiku umene ndinausunga, panalibe tsamba limene ndinalidumpha. Ndiye chotsala chinali chimodzi: kuti ndine mbuli yobadwa nayo. Usiku umenewo ndinasonkhanitsa makope onse, ndinawamanga ndi chingwe n'kuwakankhira kunsi kwa bedi. Sindinalire. Ndinangogona chagada, maso ali gwa, ndikuwerengera anthu amene ndidzayenera kuwazemba panjira.

Asuweni anga amene mumawerenga pano, ndikudziwa kuti muwafikitsira azakhali nkhaniyi. Muwauzenso kuti sindinaiwale kuti anandisunga pamene ena anakana, ndi kuti fizi ankalipira ndi iwo. Ndalemba mawu awo chifukwa ndinawanyamula zaka zambiri, ndipo mbiri yanga singamveke popanda iwo.

Zaka zinadutsa. Ndinakwatiwa, ndinabereka mwana wanga wamkazi, banja linatha, ndipo ndinapeza ntchito yosesa ndi kukolopa mu ofesi ina. Za banjalo ndidzakamba padera.

Mu ofesimo munali bwana wamkazi amene anandilola kugwiritsa ntchito kompyuta nthawi yopuma masana, kuti ndiphunzire kutaipa. Tsiku lina, m'malo motaipa, ndinafufuza pa intaneti ngati munthu wamkulu angathe kubwereza mayeso akuwerenga payekha. Chingerezi chake chinkandivuta, ndinkawerenga ndime imodzi mobwereza kuti ndimve. M'kufufuzako ndinakumana ndi nkhani ya kafukufuku wa Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, amene anasindikizidwa mu 2006. Iwo anapatsa ophunzira a pa Washington University ku St. Louis, ku America, ndime yoti aiphunzire. Gulu lina linawerenga ndimeyo maulendo anayi. Gulu lina linaiwerenga ulendo umodzi, kenako maulendo atatu otsalawo linapatsidwa pepala lopanda kanthu kuti lilembe zonse zimene likukumbuka, osayang'ananso ndime ija. Atawayesa patangopita mphindi 5, owerenga mobwereza aja anali patsogolo. Koma atawayesa patatha sabata, owerenga mobwereza anakumbuka magawo 40 pa 100 alionse, pamene odzifunsa aja anakumbuka magawo 61. Chimene chinandiimitsa mtima ndi ichi: atafunsidwa kuti akuganiza kuti adzakumbuka bwanji sabata ikatha, amene ankadzidalira kwambiri anali owerenga mobwereza aja.

Ndinadziona ndekha m'gulu limenelo. Ndinatseka kompyuta, ndinapita kumene timasunga zokolopera, ndipo misozi imene inakana kutuluka tsiku la zotsatira inatuluka pamenepo. Munali chisoni, koma munalinso mkwiyo. Kuyambira Sitandade 1 mpaka Fomu 4 ndinkauzidwa kuti werenga, limbikira, usagone. Palibe ngakhale mmodzi anandiuza kuti ukawerenga utseke buku, uone ngati zatsala m'mutu. Tsamba likakhala pamaso pako limakunyenga kuti ukulidziwa, chifukwa mayankho ali pomwepo. M'chipinda cha mayeso tsamba lija kulibe. Kuwerenga kwanga konse kuja kunali kutunga madzi ndi dengu. Pambuyo pake ndinadzawerenganso kuti mu 2013 John Dunlosky ndi anzake anaunika njira 10 zimene ophunzira amagwiritsa ntchito, ndipo kudula mizere ndi kuwerenga mobwereza anaziika m'gulu la njira zothandiza pang'ono. Zimene anaziika pamwamba zinali ziwiri: kudzifunsa mafunso, ndi kumwaza kuwerenga pa masiku osiyanasiyana.

Madzulo a tsiku limene ndinalira lija ndinamasula chingwe cha makope chija. Ndinawerenga mutu wa kayendedwe ka magazi, mutu umene ndinaukopera ndi dzanja langa mobwereza kale, kenako ndinatseka kope n'kutenga pepala loyera. Mtima uli ndi zipinda zinayi. Ndinalemba ziwiri. Za mitsempha imene imapita kumapapo ndi yobwera kuchokera kumapapo ndinazisokoneza. Pepala linatsala loyera kuposa theka. Muyenera kudziwa, inu amene mukufuna kuyesa njirayi, kuti imawawa. Kuwerenga kumakoma chifukwa sikukuonetsa pamene ukuperewera, koma pepala loyera limakuonetsa poyera. Masiku oyambirira ndinkamva ngati mawu a azakhali akutsimikizika. Chinandigwira n'chakuti mawa lake, nditayesanso mutu womwewo osatsegula kope, zipinda zonse zinayi zinabwera, ndipo zimene ndinalakwitsa dzulo lake ndi zimene ndinazikumbuka bwino kwambiri.

Za kumwaza masiku ndinaziphunzira kwa Hermann Ebbinghaus wa ku Germany, amene mu 1885 anafotokoza zimene anapeza podziyesa yekha. Ankaloweza timawu topanda tanthauzo, n'kumaona kuti tikutha msanga bwanji m'mutu. Anapeza kuti kuiwala kwambiri kumachitika m'maola oyambirira ndi tsiku loyamba, kenako kumachepa liwiro. Ndiye chinthu chimafunika kuchibwerera chisanazimiririke, kenako n'kumatalikitsa masiku. Mtolankhani wina wa ku Germany komweko, Sebastian Leitner, mu 1972 anafotokoza njira ya timakadi ndi mabokosi. Ine mabokosi ndinalibe. Ndinkatola mapepala otayidwa mu ofesi, amene kuseri kwake kunali koyera, n'kuwadula timakadi: funso mbali ino, yankho kuseri. Ndinapempha maenvelopu akale atatu. Ya nambala 1 ndinkaitsegula tsiku lililonse, ya nambala 2 patapita masiku angapo, ya nambala 3 kamodzi pa sabata. Kakadi kamene ndayankha bwino kankasamukira mu envelopu yotsatira. Kamene ndalakwa, ngakhale katafika kale mu envelopu yachitatu, kankabwerera koyambirira. Lero pali pulogalamu ya pafoni yotchedwa Anki imene imachita zomwezi yokha, koma nthawi imeneyo foni yanga inali yongoimbira.

Timakadito ndinkayenda nato m'thumba la yunifomu. Mnzanga wina wa kuntchito, amene ndikudziwa kuti amawerenga pano ngakhale salembapo kanthu, ankauza anthu kuti mayi wamkulu ngati ine kumayenda ndi timapepala n'kufuna kudzionetsa kwa mabwana. Achemwali, sindinakuyankheni nthawi imeneyo chifukwa ndinkaopa kuti mwina ndilakwanso ndipo mudzaseka kawiri. Koma zinandipweteka, ndipo ndinasiya kudzifunsa mafunso pamaso panu n'kumakabisala kuseri kwa nyumba.

Beseni la madzi ozizira lija sindinalibwererenso. Ndinali nditawerenga kuti ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira munthu ali m'tulo, ndipo ndinaziona ndekha: zimene ndawerenga maso akulemera, m'mawa kunalibe. Ndinayamba kugona mwana akagona, n'kudzuka m'bandakucha iye asanadzuke. Ambiri mwandifunsa za njira ya Pomodoro ya Francesco Cirillo, yowerenga mphindi 25 n'kupuma mphindi 5. Inandithandiza pa chinthu chimodzi, kuyamba. Tsiku limene thupi likukana, kudziuza kuti ndi mphindi 25 zokha kunkandikhazika pampando. Koma pa masamu ndinaisiya, chifukwa belu linkalira ndili pakati pa samu, ndipo ndikabwerera ndinkapeza ulusi waduka.

Masamu ndiwo anandichedwetsa. Nditayesa mapepala a mayeso akale ndinaona kuti vuto silinali la Fomu 4 ayi, linali la kupulayimale: mafulakishoni ndi manambala a negative. Ndinabwerera komweko, ndi mavidiyo a maphunziro a pa intaneti a Khan Academy pa kompyuta ya bwana ija. Apa ndichenjeze achinyamata amene mumandilembera kuti mumaonera mavidiyo a maphunziro usiku wonse. Vidiyo imanyenga mofanana ndi tsamba. Mphunzitsi akamasova samu bwinobwino umagwedeza mutu, zonse zikumveka, koma amene akusova ndi iyeyo. Ine ndinkaimitsa vidiyo funso likangooneka, n'kuyesa ndekha, ngakhale ndikudziwa kuti ndilakwa. Ndikatero m'pamene ndinkaonera yankho. Ndinasiyanso kusova masamu a mtundu umodzi motsatizana. Ndinkasakaniza a algebra, a geometry ndi a mapesenti pa tsamba limodzi, chifukwa pa mayeso palibe amene amakuuza kuti funso ili likufuna njira yakuti, umayenera kuizindikira wekha.

Mphunzitsi wina analemba pa gawo lapitalo kundifunsa ngati ndikunena kuti aphunzitsi alibe ntchito. Ayi, aphunzitsi. Pa nkhani ya kulemba chimangirizo cha Chingerezi, timakadi sitinandithandize konse. Pamafunika munthu wina awerenge zimene walemba n'kukuuza pamene ganizo lasokonekera, ndipo bwana wanga uja ndiye ankandichongera ndi pensulo akamaliza ntchito zake. Chimene ndikupempha n'chakuti mukamauza ana kuti awerenge, muwaonetsenso kawerengedwe kake. Phunziro limodzi lokha lingakwane: atseke makope, alembe zimene akukumbuka, atsegule, ayerekeze.

Ndipo inu bambo aja, mwina m'nyumba mwanu muli mwana amene mukumutcha waulesi, kapena amene mukumuyamikira chifukwa nyali yake imazima mochedwa. Musamufunse kuti wawerenga maola angati. Mutengereni kope, mumufunse zimene zili m'menemo.

Maenvelopu atatu aja atayamba kulemera ku nambala 3, ndinasonkhanitsa ndalama n'kukalembetsa mayeso ngati wophunzira wapadera. Sindinauze azakhali, sindinauze asuweni, anadziwa ndi bwana wanga yekha amene anandisainira masiku a tchuthi. Gawo likubwerali ndidzafotokoza zimene zinachitika m'mawa wa pepala la masamu, pamene mwana wanga anadzuka thupi likutentha ndipo ndinalibe womusiyira.