Impso ndi kapamba pa opaleshoni imodzi, zomwe ndagwirapo

Topiki yomwe ndikuwerenga panopa ndi yoika impso ndi kapamba (pancreas, chiwalo chopanga insulini) nthawi imodzi mwa munthu amene matenda a shuga amuonongera impso, ndipo funso langa loyamba linali lakuti insulini anaitulukira kalekale mu 1921, anthu akudzibaya tsiku ndi tsiku nkumakhala bwinobwino, nde chovutikira nchani kung'amba munthu pamimba kuti umuike kapamba wa munthu wina?

Yankho lake lagona pa mankhwala. Aliyense woikidwa chiwalo cha mnzake amayenera kumwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha mthupi moyo wake onse kuti thupi lisachikane, ndipo mankhwalawa si masewera, amatsegulira khomo matenda ena ngakhalenso khansa. Kwa munthu wa shuga amene impso zake zili bwino, kusiya jakisoni nkuyamba mankhwala amenewa nthawi zambiri sikupindula. Koma amene impso zafa kale, ali pa dayalisisi (kusefa magazi ndi makina) kapena watsala pang'ono, akaikidwa impso mankhwalawo amwabe basi afune asafune, nde madokotala amati bwanji tingoikiratu ndi kapamba yemwe kuti shuga asadzaonongenso impso yatsopanoyo. Ambiri amakhala a mtundu woyamba wa shuga, amene thupi lawo silipanganso insulini, ngakhale ena ochepa a mtundu wachiwiri amasankhidwanso.

Oyamba kuyesa anali madokotala William Kelly ndi Richard Lillehei ku University of Minnesota ku America mu December 1966. Mayi amene anamuchita opaleshoniyo anakhala masiku sikisi okha osabaya insulini, kenako zinthu zinasokonekera ndipo anamwalira patapita miyezi iwiri. Zinadzayamba kuyenda bwino mankhwala ofooketsa chitetezo otchedwa cyclosporine atabwera m'ma 1980, kenako tacrolimus.

Pomwe pandikomera kwambiri ndi apa. Mu kapamba yense, timaselo topanga insulini sitipitirira 2 peresenti, kwina konseko ntchito yake ndi kupanga madzi ogaya chakudya, amene wodwalayo sakuwasowa nkomwe chifukwa kapamba wake wakale akupangabe ndipo samuchotsa (impso zakenso amazisiya momwemo, zatsopanozo amaziika m'munsi mwa mimba, kawirikawiri kapamba kumanja impso kumanzere). Ndiye mavuto ambiri a opaleshoniyi amachokera ku mbali yosafunikayo eti. Madzi ogayawo ndi aukali, akadontha m'mimba amayamba kudya minofu, choncho kapamba amamudula pamodzi ndi kachidutswa ka matumbo kuti madziwo akhale ndi kolowera. Kale ankakonda kukalumikiza ku chikhodzodzo, ubwino wake unali woti umatha kuyeza amylase (chimodzi mwa zogayira chakudya zochokera mu kapamba) mu mkodzo nkudziwa ngati kapamba akufooka, koma odwala ankataya bicarbonate (mchere wochepetsa asidi m'magazi) ndi madzi ambiri, asidi nkukwera m'magazi, njira ya mkodzo nkumangotupa, mpaka masiku ano ambiri amangolumikiza ku matumbo. Chinanso, magazi amayenda pang'onopang'ono mu kapamba nde saachedwa kuundana, ndipo kuundanako ndi komwe kumaphetsa kapamba watsopano kwambiri m'masiku oyambirira.

Nanga udziwa bwanji kuti thupi layamba kumukana? Ukadikira kuti shuga akwere ndiye kuti wachedwa, timaselo tambiri tapita kale. Apa impso imakhala ngati mlonda, poti ziwalo zonse ziwiri zachokera kwa munthu mmodzi womwalira, thupi likayamba kulimbana nazo creatinine (zinyalala za m'magazi zomwe impso imasefa) amakwera msanga, dokotala nkuchitapo kanthu kapamba asanaonongeke. Si nthawi zonse ayi, pena chimodzi chimakanidwa pachokha, komabe ichi ndi china mwa zifukwa zomwe kapamba woikidwa limodzi ndi impso amakhalitsa kuposa woikidwa yekha kapena woikidwa pambuyo pa impso.

Chondiseketsa pang'ono, tacrolimus ndi ma steroid omwewo oteteza kapamba watsopanoyo nawonso amatha kuyambitsa shuga.

Kwa ine opaleshoniyi si ya aliyense, ndi yaikulu kuposa yoika impso yokha, si ochepa amene amabwerera kufiyeta kachiwiri, ndipo mtima amauyeza kaye mosamala chifukwa shuga wa zaka zambiri amakhala wagwiranso mitsempha ya mtima. Munthu amene ali ndi m'bale wofuna kumupatsa impso lero, kudikira pamzere kuti apeze zonse ziwiri ali pa dayalisisi si chisankho chophweka. Koma kwa uja amene shuga amatsika mpaka kukomoka iye osamva chizindikiro chilichonse, ndikuona kuti phindu ndi lalikulu. Mu 1998 Paola Fioretto ndi anzake anaonetsa kuti mwa anthu oikidwa kapamba yekha, zoonongeka za shuga mu impso zawo zinali zisanasinthe patatha zaka 5, koma pofika zaka 10 zinali zitabwerera m'mbuyo. Mawa ndikufuna ndiwerenge za kuika timaselo tokhatokha kudzera mu mtsempha wopita kuchiwindi, ndione ngati kusiya mbali yovutitsayo kumathetsadi nkhani.