Kuyeza Victoria Avenue wapansi: mmene tsiku la aluso mumsewu limakonzedwera

Msewu womwe mukufuna kuchitirapo chionetsero cha aluso muziuyenda wapansi, pa ola lenileni lomwe chionetserocho chidzachitike. Victoria Avenue ya mumzinda wa Blantyre, Lachitatu m'mawa, yothithikana ndi galimoto za anthu opita kubanki, ndi ina. Ya Loweruka masana mabanki atatseka ndi inanso. Ife tinayambira kumtunda, pafupi ndi Mount Soche Hotel, n'kumatsika kulowera ku Haile Selassie Road, tepi yoyezera ndi choko zili m'manja.

Miyendo ndi imene imakuuzani kuti msewuwu ndi wotsetsereka. Pamapu sizioneka. Tebulo la woumba mbiya likangoikidwa osaliikira kathabwa kunsi kwa miyendo iwiri yakumunsi, miphika imagubuduka. Madzi otsukira mbale nawonso amatsata chitsetse, ndiye ophika ayenera kukhala kumunsi kwenikweni, ojambula ndi osoka kumtunda. Yang'ananinso komwe mphepo ikupita. Utsi wa chiwaya cha tchipisi ukalowa mu nsalu za batiki kapena m'zithunzi zapenti, fungo silichoka, ndipo katunduyo wawonongeka ngakhale sanapse.

Malo a munthu mmodzi akhale mamita 3 m'litali ndi 3 m'lifupi, olembedwa nambala ndi choko usiku woti mawa ndi tsikulo. Pakati pa msewu pasiyidwe njira ya mamita 4 yopanda kanthu kalikonse, kuti ambulansi kapena galimoto yozimitsa moto idutse. Njirayi imatsekedwa msanga ndi anthu oyala malonda pansi, choncho pafunika achinyamata ovala malaya owala, mmodzi pa matebulo khumi alionse, ntchito yawo ikhale imeneyo basi. Pamsewu wa phula simukhomeka zikhomo. Mwendo uliwonse wa tenti umangiriridwe ku thumba la mchenga la makilogalamu 20 kapena kuposa, apo ayi kamphepo kamodzi kadzanyamula tenti n'kukaigwetsera pa ziboliboli za mnzanu.

Pakatikati pa tauni pali kale anthu ogulitsa ziboliboli, mikanda ndi zithunzi tsiku ndi tsiku. Amenewa ndi eni malo, ndipo ndi oyamba kukambirana nawo, kudzera mwa wapampando wawo. Mukawadumpha n'kubweretsa aluso ochokera kwina kudzayala pakhomo pawo, mkangano umayamba dzuwa lisanakwere.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Tsikuli ndi la wosema, wojambula, woluka madengu, woumba, mmisiri wa malata wa ku Ndirande. Koma wogulitsa kaunjika ndi zotchingira mafoni amalipira malo mwachangu kuposa wojambula, chifukwa ndalama yake imazungulira tsiku lililonse, pomwe wojambula atha kukhala mwezi osagulitsa chithunzi. Okonza akangotsata ndalama, pofika masana chionetsero chasanduka msika wa Limbe. Ndiye gawani malo musanalandire ndalama ya aliyense: pa matebulo atatu alionse, awiri akhale a anthu ogulitsa zopanga ndi manja awo. Aluso alipire pang'ono, azakudya ndi makampani ofuna kudzilengeza alipire zambiri. Polembetsa, munthu aonetse zithunzi zitatu za ntchito yake, ndipo mayina atsekedwe kutatsala masabata awiri. Malo apakona ndi apakhomo, omwe aliyense amawafuna, aperekedwe mwamaere pamaso pa onse. Osema muwafunse mtengo womwe agwiritsa ntchito. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutha, ndipo sitikufuna chionetsero chomwe chikuthandiza kuumaliza.

Kuchoka pamenepo tinalowera ku Mandala House, nyumba ya 1882 yomwe inamangidwa ndi kampani ya African Lakes Corporation, momwe mumaonetsedwa zithunzi zojambula. Pali bata, ndipo munthu amatha kuima pa chithunzi chimodzi kwa nthawi. Bata lotere ndi lomwe limagulitsa chithunzi. Wogula amafuna kufunsa, kunenerera, kumva mmene ntchitoyo inapangidwira. Zimkuzamawu zikayang'ana matebulo a aluso, kucheza kumeneko kumafa. Nsanja ya oimba ikhale kumapeto kwa msewu, zimkuzamawu zitafulatira aluso, jenereta ili kuseri mamita 20 kapena kupitirira. Jeneretayo ikhalepo ngakhale mwalumikiza magetsi a ESCOM. Ya 5kVA imakwanira zoimbira zazing'ono ndi mababu. Mawaya odutsa poyenda anthu aphimbidwe ndi mphasa za rabala.

Ulendo unathera ku Chichiri, kudzera mu Masauko Chipembere Highway, komwe kuli Civic Centre, likulu la khonsolo ya mzinda. Kalata yopempha msewu ipite kutatsala miyezi iwiri, ili ndi tsiku, maola, mapu ojambula pamanja oonetsa potsekera ndi pokhotera galimoto, komanso dongosolo la zinyalala ndi zimbudzi. Apolisi apamsewu alandire yawo. Azaumoyo a khonsolo adziwe za ophika. Ngati padzaimbidwa nyimbo pagulu, chilolezo cha COSOMA, bungwe loteteza ntchito za oimba ndi aluso ena, chimafunika. Eni masitolo ndi mahotela a mumsewuwo auzidwe pamaso, chifukwa amene watsekeredwa khomo osadziwa ndi amene amakadandaula.

Mwezi wabwino ndi Seputembala. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chimabwera ndi mawawa omwe amanyowetsa mapepala ndi nsalu, kuyambira Novembala mvula yagwa, ndipo Okutobala amatentha moti anthu amathawa phula masana. Malonda ambiri adzadutsa pa Airtel Money ndi Mpamba, choncho waluso aliyense alembe nambala yake pachikwangwani chachikulu, ndipo paitanidwe ma ejenti awiri okhala ndi ndalama zokwanira.

Kupasula kuyambe 5 koloko, kusanade. Aliyense asiye kandalama kachikole polembetsa, kabwezedwe akaonetsa kuti malo ake wasesa. Migolo ya zinyalala ikhale pa mamita 30 alionse ndipo izikhuthulidwa masana, osadikira madzulo. Galimoto yotenga zinyalala ilipiridwiretu, ndipo woyendetsa adziwe kuti msewu uyenera kutsegulidwa 7 koloko usiku womwewo.