Loweruka masana ku Sandygate, bwalo la mpira lakale kwambiri padziko lonse

Chisamukireni ku Sheffield, funso limene abale akumudzi amandifunsa kawirikawiri tikamacheza pa lamya ndi lakuti ngati ndinakafikako ku Old Trafford kapena ku Anfield. Funsoli ndimalimvetsa bwino, chifukwa nanenso ndinakula ndikupanikizana ndi anzanga m'nyumba zoonetsera kanema, tikukangana za Manchester United, Arsenal, Liverpool ndi Chelsea ngati kuti matimuwo ndi a kwathu. Komabe bwalo limene ndapondako kambiri kuno ku Mangalande si limodzi mwa mabwalo otchukawo. Dzina lake ndi Sandygate, lili ku Crosspool, kumtunda chakumadzulo kwa mzinda wa Sheffield, ndipo timu imene imasewera pamenepo ndi Hallam FC, yomwe achimwene anga atayimva koyamba anandifunsa ngati ili timu yapasukulu.

Kuti nkhaniyi imveke, ndiyenera kufotokoza pang'ono mmene mpira wa kuno unasanjidwira. Pamwamba penipeni pali Premier League ya matimu 20, ndipo pansi pake pali Championship, League One ndi League Two, iliyonse ya matimu 24, kotero kuti onse pamodzi amakwana 92. Matimu ena onse amene ali pansi pa amenewa ndi amene eni dziko amawatchula kuti non-league, ngakhale kuti nawonso amasewera m'maligi awo okhazikika. Gawo lachisanu ndi National League, lachisanu ndi chimodzi lagawidwa pawiri, kumpoto ndi kummwera, ndipo mukamatsikabe maligi amanka nachuluka, kufikira mutapeza a m'madera ang'onoang'ono kumene matimu oyandikana amayenda ulendo waufupi kukakumana. Chochititsa chidwi n'chakuti makwerero amenewa ndi olumikizana kuchokera pansi mpaka pamwamba. Kuyambira mu 1987, timu yopambana gawo lachisanu imatha kukwera n'kulowa m'gulu la akuluakulu aja popanda kudikira kuti matimu ena aivotere monga zinkachitikira kale, ndipo yoyamba kukwera mwanjira imeneyi inali Scarborough, imene inalowa m'malo mwa Lincoln City.

Tsiku loyamba kupita ku Sandygate linali Loweruka lozizira, ndipo panthawiyo Hallam inkasewera mu Northern Counties East League. Ndinatsika basi pakati pa nyumba zokhalamo anthu, ndipo pakadapanda mitengo yaitali ya magetsi owalitsa bwalo imene inkaonekera pamwamba pa mpanda wamiyala, ndikanapitirira osadziwa kuti ndafika. Pachipata panali bambo wachikulire wovala chipewa choluka cha mtundu wa buluu, amene analandira ndalama zosafika mapaundi 10, n'kundipatsa kabuku kakang'ono kolembedwa mayina a osewera a tsikulo. Nditangolowa, chimene chinayamba kundigwira maso chinali kupendekeka kwa bwalo. Golo limodzi lili kumtunda, lina kumunsi, moti timu imene ikuloza kumunsi m'chigawo choyamba imadziwa kuti ikabwera kopuma iyamba kukwera mtunda miyendo itatopa kale. Mbali imodzi kuli kanyumba ka mipando kofolera, koma mbali inayo ndi yotseguka, chifukwa kapinga amapitirira mpaka kumene amaseweretsera cricket m'nyengo yotentha.

Masewera a cricket ndi amene anayamba pamalowa, kale mu 1804, ndipo timu ya mpira wamiyendo inabadwa kuchokera ku kalabu yomweyo mu 1860. Pa 26 Disembala 1860, Hallam inalandira Sheffield FC pabwalo lomweli, ndipo alendowo anapambana ndi zigoli ziwiri kwa duu. Sheffield FC inakhazikitsidwa pa 24 Okutobala 1857 ndi Nathaniel Creswick ndi William Prest, ndipo ndiyo kalabu ya mpira yakale kuposa ina iliyonse imene ikadalipo. A Guinness World Records amavomereza kuti Sandygate ndilo bwalo la mpira lakale kwambiri padziko lonse. Mu 1867 Hallam inatenganso chikho cha Youdan, chimene anapereka mwini nyumba ya zisudzo dzina lake Thomas Youdan, ndipo apa n'kuti chikho cha FA chimene tonse timachidziwa chisanayambe n'komwe. Zimenezi ndinkaziwerenga nditaima pafupi ndi mzere, tiyi wotentha ali m'manja, kwinaku anyamata akutenthetsa thupi patsogolo panga, ndipo ndinagwidwa ndi ulemu waukulu poganiza kuti malo a mbiri yotere amasungidwa ndi anthu wamba a m'deralo.

Kuonera mpira uli chiimire pamtunda wa mapazi ochepa kuchokera pamzere n'kosiyana kotheratu ndi kuuonera pa kanema. Umamva nsapato ikugunda mpira, umamva kupuma kwa wosewera amene wathamanga kuchokera kumbuyo, ndipo umamva mawu onse amene goloboyi akuuza otchinga kumbuyo ake. Ndimakumbukira mnyamata wina wosewera chakumanzere amene anagwetsedwa m'matope pafupi ndi pamene ndinaima. Anadzuka msanga osagubuduka, anapukuta manja pa kabudula, anayang'ana woyimbira kamodzi kokha, kenako anatola mpira n'kuuika pamene unayenera kumenyedwera. Wothandizira woyimbira, amene ankathamanga ndi mbendera patsogolo pathu, ankayankha mwaulemu ochemerera amene ankamufunsa chifukwa chimene waimikira mbendera, ndipo nthawi zina ankaseka nawo. Mpira utauluka n'kutuluka kunja kwa mpanda, mnyamata wina anathamanga kukautola, chifukwa pamlingo umenewu mpira uliwonse ndi ndalama.

Itakwana nthawi yopuma ndinaona mwambo umene sungatheke m'mabwalo akuluakulu. Ochemerera amene anaima kuseri kwa golo limodzi ananyamuka pang'onopang'ono n'kupita kuseri kwa golo linalo, kumene timu yawo ikagoletsere m'chigawo chachiwiri, ndipo panjira anapambana ndi ochemerera a timu ya alendo popanda wapolisi kapena chingwe chowalekanitsa. Ena ananyamula makapu a mowa. Lamulo la mu 1985 limaletsa kumwa mowa ukuyang'ana bwalo pamasewero a m'magawo asanu apamwamba, koma kumunsi kuno n'zololedwa pamasewero ambiri, ndipo sindinaonepo munthu akusokoneza. Panali ana aang'ono akumenya kampira kawo pakapinga wa cricket, ndiponso agalu omangidwa pa zingwe amene anabwera ndi ambuye awo.

Masewero ambiri otere amayamba 3 koloko masana Loweruka, ndipo nthawi imeneyi ndi yotetezedwa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ku Mangalande saulutsa mpira pa wailesi yakanema Loweruka kuyambira 2:45 mpaka 5:15 masana, pofuna kuti anthu atuluke m'nyumba n'kukaonera matimu a kwawo. N'chifukwa chake m'bale amene ali ku Lilongwe kapena ku Chipata amatha kuonera masewero a Premier League a nthawi imeneyo, pamene ine amene ndili pafupi sindingawaone pa kanema. Alipo ambiri amene amadandaula ndi lamuloli, koma ine ndili kumbali ya amene amalikonda, chifukwa ndaona ndi maso kumene ndalama yapachipata imapita.

Bambo wachikulire uja ndinadzakumana nawonso masewero atatha, akusonkhanitsa makapu amene anthu anasiya pampanda. Ndinawafunsa ngati amenewa ali malo awo antchito, ndipo iwo anapukusa mutu. Anandiuza kuti anapuma pantchito kalekale, ndipo kuti pabwalopo salandira kanthu. Kenako anandilozera anzawo mmodzimmodzi: amene amatchetcha kapinga ndi kujambula mizere, mayi amene amakonza tiyi, amene amalemba kabuku kaja usiku kunyumba kwake, ndi amene amagulitsa matikiti a mpikisano wamwayi kuti papezeke kangachepe kolipirira magetsi. "Mukabwerenso, bambo, ndipo mukabwere ndi anzanu," anatero pondisanzika. Kwathu timati mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la Sandygate ndinaona anthu amene alisenza, ambiri a iwo ali ndi imvi.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kufunafuna mabwalo ena otere. Ndinapita ku Dronfield, kummwera kwa mzinda, kumene Sheffield FC yakhala ikusewera kuyambira mu 2001, pabwalo laling'ono kuseri kwa malo omwera a Coach and Horses. Mu 2004 bungwe la FIFA linapatsa kalabuyi ulemu wa Order of Merit, umene inalandiranso Real Madrid, koma wolowa pachipata chake amapeza mtendere womwewo wa ku Sandygate.

Ulendo umene unandikhudza kwambiri unali wa ku Stocksbridge, tauni ya mafakitale a zitsulo imene ili m'chigwa kumpoto chakumadzulo kwa Sheffield. Bwalo la Stocksbridge Park Steels, lotchedwa Bracken Moor, lili pamwamba pa phiri, ndipo mphepo ya kumeneko imalowa mpaka m'mafupa. Pamenepa ndi pamene Jamie Vardy anayambiranso mpira, Sheffield Wednesday itamusiya ali ndi zaka 16. Masana ankagwira ntchito mufakitale yopanga zipangizo zothandizira anthu ovulala miyendo, ndipo ku mpira ankalandira mapaundi 30 pa sabata. Mu 2010 anapita ku FC Halifax Town, mu 2011 ku Fleetwood Town, ndipo mu 2012 Leicester City inamugula pamtengo wa mapaundi pafupifupi 1 miliyoni, umene panthawiyo unali wokwera kuposa wa wosewera wina aliyense wochokera m'maligi apansi. Mu 2015 anagoletsa m'masewero 11 otsatizana a Premier League, ndipo mu 2016 anatenga nawo ligi imene palibe ankaganiza kuti Leicester ingaitenge. Kanyumba ka mipando ka pa Bracken Moor lero kamatchedwa ndi dzina lake. Nditakhala pamenepo ndinkaganiza za Vardy, komanso za anzake amene ankasewera naye, amene sanakwere pamwamba koma anapitirizabe kubwera Lachiwiri madzulo ndi Loweruka masana ataweruka kuntchito. Popanda iwowo, mnyamata wosiyidwayo akanasowa timu yoti imusunge kufikira luso lake litakhwima.

Zimenezi zimandikumbutsa kwathu, chifukwa ifenso mpira tinauphunzirira pafumbi, ndi chikulunga cha mapepala apulasitiki omangidwa ndi luzi, ndipo tonse tikudziwa mmene mudzi umasonkhanira pabwalo lapasukulu pakakhala bonanza. Chikondi cha mpira n'chimodzimodzi, ndipo pankhani ya nyimbo ndi kuvina ife timaposa. Nafenso tili ndi maligi apansi amene amakweza matimu kupita mu Super League. Chimene ndinachisirira kuno ndi kusunga. Timu yaing'ono imakhala ndi malo ake enieni, mpanda wake, buku la ndalama ndi mndandanda wa masewero wodziwika nyengo isanayambe, kotero kuti siyidalira munthu mmodzi wachuma amene angatope chaka chamawa. Matimu angapo amene ndinkawachemerera ndili mwana anatha pamene wowagulira yunifolomu anasamuka, ndipo palibe ngakhale chithunzi chimene chinatsala.

Moyo wa matimu amenewa si wofewa ayi. M'nyengo yozizira mvula imadzaza bwalo kapena nthaka imauma ndi chisanu, masewero n'kulephereka, pamene mabilu a magetsi sadikira. Ngakhale matimu akuluakulu amagwa, monga Bury, imene inachotsedwa mu English Football League (gulu la Championship, League One ndi League Two) mu Ogasiti 2019 chifukwa cha mavuto a ndalama, ndipo ochemerera ake anachita kuyambiranso pansi. Komanso kumunsi komweku ndi kumene anthu amathawira akaona kuti mpira wapamwamba wawataya, monga anachitira ochemerera ena a Manchester United amene anayambitsa FC United of Manchester mu 2005 pokana kuti banja la Glazer ligule kalabu yawo, ndipo mu 2015 anatsegula bwalo lawolawo la Broadhurst Park ku Moston. Nthawi zina mwayi umagwa kudzera m'chikho cha FA, chimene ndime zake zachipulula zimayamba mu Ogasiti ndi matimu ang'onoang'ono omwewa. Mu Januwale 2021, Marine ya ku Crosby, imene inali m'gawo lachisanu ndi chitatu, inalandira Tottenham Hotspur pabwalo lake lozunguliridwa ndi nyumba za anthu. Inagonja 5-0, ndipo chifukwa cha mliri wa Covid-19 ochemerera sanaloledwe kulowa, koma anthu oposa 30,000 anagula matikiti a pa intaneti pofuna kungoithandiza.

Ku Sandygate ndinabwererako mu Disembala, nthawi imene dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko, moti chigawo chachiwiri chonse chinaseweredwa magetsi akuyaka ndipo mpweya wa osewera unkaoneka ngati utsi. Woyimbira ataliza wezulo yomaliza, osewera a matimu onse awiri anagwirana chanza n'kulowera kosinthira zovala, ndipo patapita kanthawi anatulukira m'chipinda chochezera, tsitsi lili lonyowa, kudzadya limodzi ndi ochemerera. Ine ndinatsala panja kuthandiza bambo aja kunyamula mbendera za m'makona ndi kukweza maukonde a golo kuti asagone pamatope. Tisanazimitse magetsi ndinajambula bwalolo kuchokera kumtunda, kuti kupendekeka kwake kuoneke bwino, n'kutumiza chithunzicho kwa achimwene pa WhatsApp. Anayankha ndili m'basi, akufunsa kuti Hallam isewera ndi yani Loweruka likudzali.