Zikomo nonse amene munandithandiza kunyamula madzi a ku Chiweta

Abale ndi alongo, ndamaliza! Sabata yathayi akuluakulu oyesa mayeso avomereza kafukufuku wanga wa digiri yachiwiri, wokhudza tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'akasupe a madzi otentha a ku Chiweta, ku Rumphi.

Ndiyambe ndi inu amayi. Munkagulitsa matemba mumsika wa Mzuzu kuti ndipeze thiransipoti, koma tsiku lililonse funso linali lomwelo: "Mwanawe, m'madzi opsereza chala mungakhale chamoyo?" Chilimo, amayi. Mu 1969 Thomas Brock anafotokoza za bakiteriya wotchedwa Thermus aquaticus, wa m'akasupe otentha a ku Yellowstone ku America. Enzyme (puloteni yofulumizitsa ntchito za m'thupi la chamoyo) yochokera mwa iyeyu imapirira kutentha kwambiri, ndipo ndi imene imagwira ntchito m'makina a PCR, omwe aja ankayezera anthu Covid-19. Mu 1977 asayansi anapezanso zamoyo zochuluka pansi penipeni pa nyanja pafupi ndi Galápagos, kumene dzuwa silifika, zikudalira mankhwala otuluka m'miyala yotentha. Kuchokera pamenepo anthu anasiya kunena kuti moyo umafuna malo ofanana ndi athu okha. N'chifukwa chake chombo cha Europa Clipper chinanyamuka mu Okutobala 2024 kupita ku mwezi wa Jupiter umene akukhulupirira kuti uli ndi nyanja pansi pa ayezi, ndipo chikafika mu 2030. Ku Mars nako, galimoto la roboti lotchedwa Perseverance lakhala likuboola miyala ku Jezero, komwe kale kunali nyanja, kuyambira 2021. Ife tilibe roketi, koma funso lathu ku Chiweta ndi lomwelo: moyo umapirira mpaka pati?

A mfumu ndi anthu a ku Chiweta, yewo chomene. Munandionetsa timaenje timene ndekha sindikanationa, ndipo anyamata anu sanandilole kunyamula kulabokosi ndekha. Madalaivala a minibasi amene munkalola bokosilo kukhala kutsogolo pokwera phiri lija, osalipiritsa ngati katundu, Mulungu akudalitseni.

Kwa anansi anga ku Luwinga ndilibe mawu okwanira. Magetsi atazima nthawi yaitali, munachotsa nyama yanu mufiriji ya sola n'kuikamo timabotolo tanga. Za m'timabotolomo zikanasungunuka, ntchito ya chaka chonse ikanathera pomwepo. Nyamayo tinadya tonse usiku womwewo, ndipo ngongole yake sindinaiwale.

Aphunzitsi ondiyang'anira, cholembera chanu chofiira chinkandisowetsa tulo, koma munkanena zoona.

Amene mukufunsa chimene ndifufuze kenako: maso anga ali pa nyanja yathu. Kupitirira mamita pafupifupi 250 kunsi kwake kulibe mpweya wa okosijeni, nsomba sizikhalako, koma mabakiteriya aliko. Loweruka lino masana bwerani kunyumba, amayi akuphika kondowole ndi batala. Ana asukulu mubwere nawo, ndabwereka maikulosikopu.